Kamlatho ka timitengo kamathyokera pati?

Ana asukulu akandionetsa timilatho tawo ta timitengo, cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri n'chimodzimodzi. Mwana amaunjika timitengo tambirimbiri pansi podutsa, n'kupaka guluu mpaka kuchita kuyenderera, poganiza kuti kulemera ndiye kulimba. Tikakoleka ndowa n'kumathiramo mchenga poyesa kulimba kwake, kamlathoko kamasweka pomwe mchenga usanafike n'theka lomwe. Timitengo takhala tokwanira ndithu, koma taikidwa pomwe katundu sadutsa.

Tengani timitengo tinayi, mulumikize nsonga zake ndi mapini kuti tipange ngodya zinayi ngati felemu ya windo. Mukakankha ngodya imodzi, chonsecho chipendekeka. Chitani chimodzimodzi ndi timitengo titatu. Thirayango imeneyi singasinthe maonekedwe pokhapokha kamtengo kena katathyoka kapena mfundo itamasuka. Akalipentala amazidziwa izi pokhoma mitengo ya denga, ndipo amene anauonapo mlatho wa Dona Ana, umene unamalizidwa mu 1935 pa mtsinje wa Zambezi kuti njanji ya ku Nyasaland ilumikizane ndi doko la Beira, akudziwa kuti zitsulo zake zambiri n'zolukana m'mathirayango.

Malukidwe otchuka ali ndi maina a anthu amene anawalembetsa: Howe mu 1840, Pratt mu 1844, Warren mu 1848. Kwa woyamba kumene ndimasankha Warren, chifukwa ndi mathirayango ofanana ongotsatizana, ndipo timitengo take timadulidwa muyezo umodzi.

Komatu thirayango payokha sikwanira. Katundu akakhala pakati pa mlatho, mtanda wapamwamba (wolumikiza nsonga zapamwamba za mathirayango) umapanikizidwa, wapansi umakokedwa. Mukafuna kuziona ndi maso, pindani siponji: makwinya abwera mkati mwa mopindikamo, kunja kutanuka. Kamtengo kokokedwa kalibe vuto lalikulu, ngakhale koonda kamapirira, monga chimachitira chingwe chotungira madzi pachitsime. Kopanikizidwa ndiko kovuta. Imikani lula yapulasitiki patebulo n'kuidinikiza pamwamba ndi chikhatho. Siphwanyika ayi, imangokhotera kumbali, ndipo ikangoyamba kukhota mphamvu yake yathera pomwepo.

Katswiri wa masamu Leonhard Euler anawerengera zimenezi mu 1744, ndipo zimene anapeza n'zofunika kuti aliyense womanga kamlatho azisunge pamtima. Mukadula kamtengo koonda pakati, theka lakelo limanyamula katundu wochuluka kanayi lisanakhote, osati kawiri. Ndiye mtanda wapamwamba musausiye utali wonse wopanda chougwira. Uchirikizeni pafupipafupi, ndipo timitengo towonjezera timene muli nato mumatike kumeneko, tiwiri kapena titatu pamodzi. Maonekedwe nawo ali ndi gawo. Timitengo tiwiri tomatidwa mopingasa ngati chilembo cha T timavuta kukhota kusiyana ndi tiwiri tongosanjikiza. N'chifukwa chake nsungwi, ngakhale ili ndi mphako, imalimba chonchija: mnofu wake uli m'mbali, kutali ndi pakati.

Musayese ngati ili ndi vuto la timilatho toseweretsa tokha. Pa 29 Ogasiti 1907, mlatho wa Quebec ku Canada unagwera mu mtsinje wa St Lawrence uli mkati momangidwa, ndipo anthu 75 anafa. Zitsulo zopanikizidwa pafupi ndi chipilala zinali zitayamba kukhota, ogwira ntchito anaziona masiku angapo ngoziyo isanachitike, koma ntchito sinaime msanga. Kulemera kwa mlathowo kunawerengedwa mochepera. Ndikamawauza ana nkhaniyi, ndimafuna adziwe kuti kukhota kumene akukuona pa lula n'komweko kumene kunagwetsa zitsulo zija.

Msinkhu wa kamlatho umathandizanso. Mukatalikitsa mpata wapakati pa mtanda wapamwamba ndi wapansi kuwirikiza kawiri, mphamvu yopanikiza ndi yokoka m'mitandayo imatsika ndi theka. Koma mukapitirira muyezo, timitengo topendekeka tolumikiza mitanda iwiriyo timatalika, n'kuyambanso kukhota.

Tsopano za mfundo, pomwe timilatho tambiri timagonjera. Kugunditsa nsonga ya kamtengo pa kanzake n'kudonthezapo guluu sikugwira, chifukwa nsonga ya mtengo imamwa guluu ndipo malo okhudzana ndi ochepa. Sanjikizani timitengo kuti tigonerane, kapena matani kachidutswa ka katoni yolimba mbali zonse za mfundoyo kuti kagwire timitengo tonse tokumana pamenepo. Milatho yeniyeni ili ndi timbale tachitsulo togwira ntchito yomweyi. Mlatho wa I-35W ku Minneapolis, ku America, unagwa pa 1 Ogasiti 2007 n'kupha anthu 13, ndipo ofufuza anapeza kuti timbale tina tinali topyapyala kwambiri. Guluu woyera wa akalipentala ndiye wabwino. Pakani pang'ono, panani ndi mapegi oyanikira zovala, musiye tsiku lathunthu. Ndikudziwa kuti mwana amafuna aone zotsatira lero lomwe, koma guluu wosauma bwino amawononga ntchito ya sabata yonse.

Jambulani mbali imodzi ya kamlathoko papepala pa kukula kwake kwenikweni, yalanipo pepala lapulasitiki, mumange mbali zonse ziwiri pa chojambula chomwecho kuti zifanane. Imodzi ikatalikirapo pang'ono, katundu amatsamira kumodzi. Ndipo mukaziimika, musaiwale kuzilumikiza ndi timitengo topingasa ngati X pamwamba ndi pansi. Ndaonapo timilatho tokhala ndi mbali zolimba bwino tikungogwera cham'mbali ngati mpanda wofumbwa ndi chiswe, popanda ndi kamtengo kamodzi kothyoka.

Pa mipikisano yambiri sayang'ana katundu yekha, amagawa katunduyo ndi kulemera kwa kamlathoko. Ka magalamu 200 konyamula makilogalamu 30 kamaposa ka magalamu 500 konyamula makilogalamu 50. Ku Okanagan College ku Canada amapikisana ndi milatho ya supageti ndi guluu, ndipo mu 2009 ophunzira ochokera ku Hungary anamanga wosakwana kilogalamu imodzi umene unanyamula makilogalamu oposa 443.

Poyesa, ikani kamlatho pakati pa matebulo awiri ofanana msinkhu. Kolekani ndowa pa kathabwa kogona pa mfundo, osati pakati pa kamtengo, ndipo ndowayo ilendewere pafupi ndi pansi kuti isaphwanye zala za kumapazi. Ngati mulibe sikelo, thirani madzi: lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Thirani pang'onopang'ono, mukumvetsera. Kamlatho kamayamba kulira kasanagwe, ndipo mnzanu ajambule vidiyo pafoni chifukwa kusweka kwake kumachitika mwa kuphethira kwa diso. Kakasweka, musathamangire kusesa. Tolani zidutswazo mufufuze pomwe panayambira. Ngati guluu wamatuka timitengo tili bwinobwino, konzani mfundo. Ngati kamtengo kathyokera pakati katakhota, kafupikitseni kapena kanenepetseni. Timitengo timene tatsala osagwedezeka n'komwe, yesani kutichepetsa mukamamanga kachiwiri.