Mwafera kuseri kwa khoma? Gemuyo sinakubereni

Ndatopa kumva zoti magemu owomberana akale anali achilungamo ndipo a masiku ano amabera. Ntchito yanga ndi yoyang'anira maseva, ndipo dandaulo lake silisintha: "Ndinali nditabisala kale kuseri kwa khoma, koma ndafa."

Doom ya 1993 ankasewera anthu osaposa anayi, kawirikawiri makompyuta atalumikizidwa ndi waya m'nyumba imodzi. Uthenga unalibe mtunda woyenda. Quake ya 1996 itafika pa intaneti ya modemu, zinthu zinavuta: ukadina batani, munthu wako ankayamba wadikira seva ivomere. QuakeWorld, mtundu wa Quake wokonzedwera intaneti, inakonza kayendedweko, komabe powombera unkaloza kumene mdani akupita, osati pomwe ukumuona. Wa ping yotsika (nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwera) ndiye ankangokolola. Chilungamo mukuchilirachi n'chimenechi?

Magemu ambiri atsopano amatsata njira yomwe kampani ya Valve inatchukitsa mu Counter-Strike. Seva ikamva kuti mnzanu wawombera, imabweza nthawi pang'ono n'kuona pomwe inu munali pa sikirini yake. Ngati iye analoza bwino, chipolopolo chakupezani, ngakhale kwanuko munali mutakhota kale. Mawa ikhala nthawi yanu kupha munthu mwanjira yomweyo, ndipo simudzadandaula.

Ena amakangamira pa tick rate, kutanthauza kuti seva imawerengera zochitika kangati pa sekondi. Inde, maseva a Valve a Counter-Strike: Global Offensive ankawerengera zochitika ka 64 pa sekondi, pomwe a Valorant ya 2020 amatero ka 128. Kusiyana kwake ndi mamilisekondi pafupifupi 8. Tsono kuwala m'chingwe cha fayiba kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, choncho seva ikakhala pa mtunda wa makilomita 5,000, uthenga wopita ndi kubwera sungachepere mamilisekondi 50. Zimene tinatayadi ndi zina: kale unkasankha wekha seva, n'kudziwana ndi oyang'anira ake, wobera ankathamangitsidwa pompo. Halo 2 ya 2004 inazoloweretsa anthu kuti makina ndiwo azikusankhira osewera nawo, ndipo Modern Warfare 2 ya 2009 inachotseratu maseva oyendetsedwa ndi osewera pa kompyuta.

Apa m'pomwe asing'anga a pa intaneti amalowera, ati pulogalamu yawo ithetsa lag, kuchedwa kwa uthenga kuja. Ina imatha kusintha njira yomwe uthenga ukudutsa n'kupungula pang'ono, koma mtunda sungafupikitsidwe ndi pulogalamu. Yambiri yaulere ija ndi misampha.

Mnyamata wina amandiwawabe mumtima. Anali ndi dzanja labwino zedi, vuto lake linali Wi-Fi yomwe inkataya mauthenga basi. Chingwe chochoka pa rauta chikanathetsa nkhani. M'malo mwake anatsitsa kapulogalamu komwe anakaona pa kanema, kanamuuza kuti azimitse antivirus, iye n'kuzimitsa. Ataona mauthenga oti wina akulowa mu akaunti yake, anangoti ndiona mawa. Pomwe ankabwera kwa ine, akuba anali atasintha imelo ndi pasiwedi, zonse zomwe anagula m'gemumo zitasamutsidwa.

Pulogalamu iliyonse yokuuzani kuzimitsa chitetezo, ifufuteni. Ina imakhala ndi zobera gemu mkati, ndipo VAC, pulogalamu ya Valve yogwira obera, kawirikawiri siletsa tsiku lomwelo, imayamba yadikira, chiletso chake n'chosachotsedwa. Mukaona chachilendo pa akaunti, musagone: yambani ndi kusintha pasiwedi ya imelo, kenako ya gemu, muyatse Steam Guard (chitetezo cha akaunti cha Valve) kapena chitetezo china chofuna nambala ya pa foni, ndipo muchite zimenezi pa chipangizo china, osati pa kompyuta yomwe yalowedwayo.