Namwino wotukwanidwa masana amazengereza kuimba foni usiku

Nkhani ya nkhanza m'zipatala ikabuka, anthu amathamangira kwa namwino wolalatira mayi woyembekezera, kapena kwa achibale omenya namwino m'bale wawo akamwalira. Zonsezo zimachitikadi. Koma pali nkhanza zina zimene wodwala saziona chifukwa zimachitikira ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, iye ali chigonere, kapena m'kaofesi ka anamwino chitseko chili chotseka. Ndikunena za dokotala kuzunza namwino. Ndakalambira pa unamwino, ndipo ndimaona kuti odwala ndi owadikirira ayenera kuzidziwa, poti zotsatira zake zimakathera pa bedi.

Kawirikawiri siziyamba ndi mbama, zimayamba ndi pakamwa. "Kodi iwe unaphunzira kuti?" akufunsa choncho pamaso pa odwala ndi ana asukulu. Mawa lake fayilo yaponyedwa pansi kuti uitole. Ku fiyeta ina ndinaona ndi maso anga kachitsulo kopanira mtsempha kakuuluka n'kumenya namwino paphewa, chifukwa choti anapereka china osati chimene adokotala amafuna. Mnzangayo anangomeza mate n'kupitiriza kupereka zida, poti mimba ya munthu inali chitsegukire. Lipoti silinalembedwe. Pa tiyi anthu anangoti, "Mukuwadziwa kale aja, ndi aukali koma dzanja lawo ndi labwino." Palinso kugwiragwira ndi kufunsira atsikana amene ali pa maphunziro, omwe amaopa kukana poti akudikira siginecha. Madokotala ambiri, kuphatikizapo ma clinical officer amene kwathu kuno timawatchanso adokotala, sachita zimenezi. Koma ochepa amene amachitawo amadziwika ndi chipatala chonse, ndipo amafika popuma pantchito osaitanidwapo pa bwalo lililonse.

Usiku mu wodi mumakhala namwino, dokotala amachita kuitanidwa. Mayi wobereka kudzera pa opaleshoni akayamba kutaya magazi, BP n'kumatsika, woyamba kuona ndi namwinoyo. Ngati ulendo watha ataimba foni anauzidwa kuti, "Ukundidzutsira zopusazi?", lero aganiza kawiri. Adziuza kuti ayezenso pakatha theka la ola, pamene mayi wotaya magazi theka la olalo alibe. N'chifukwa chake mu 2008 bungwe la Joint Commission, loyendera zipatala ku America, linachenjeza kuti kuopseza ndi kunyoza anzako pantchito kumabweretsa ngozi kwa odwala.

Nthawi zina sipafunika n'komwe kukalipa, kuyang'ana kokha kumakwana. Mu 2005 ku England, Elaine Bromiley, mayi wa zaka 37, anapita ku opaleshoni yaing'ono ya m'mphuno. Atamugoneka, madokotala analephera kulowetsa paipi yopumira ndipo anakakamira kuyesayesa mpweya ukutha m'magazi. Anamwino anaona msanga kumene zinthu zikulowera. Wina anabweretsa zida zoboolera pakhosi, wina anakonzeratu bedi ku chipinda cha odwala mwakayakaya, koma madokotala sanawalabadire, ndipo anamwinowo sanathe kuumirira. Mayiyo anavulala ubongo n'kumwalira patapita masiku 13. Mwamuna wake, Martin Bromiley, yemwe ndi woyendetsa ndege, anayambitsa bungwe lolimbikitsa kuti m'chipatala wamng'ono azitha kulankhula wamkulu n'kumva. Ife amene tinaleredwa kuti wamkulu sayankhidwa, phunziroli limatilemera kwambiri.

Tsono zinthu zikalakwika, ndani amagwidwa? Ntchito ya namwino imasiya mapazi paliponse: nthawi imene wabaya jakisoni, dilipi imene waika, BP imene wayeza, zonse zili pa tchati ndi siginecha yake. Dokotala akalamula mankhwala pafoni, kapena akakana kubwera, papepala sipakhala kanthu pokhapokha namwino atalemba. Ofufuza amatsata pepala. Kudandaula nakonso n'kokwera phiri. Namwino amauza a Matron, a Matron amakatula kwa mkulu wa chipatala, amene nthawi zambiri ndi dokotala, mwina mnzake wa kusukulu wa wodandaulidwayo. Komanso pa chipatala chimene odziwa kung'amba ndi owerengeka, akuluakulu amawerengera: tikamuimitsa uyu, opaleshoni achita ndani? Zimatha ndi kusamutsa namwino, ati pofuna kukhazikitsa mtendere.

Musaganize kuti ndi umphawi wathu wokha. Ku Britain, kumene anamwino athu ena akugwira ntchito, kuli nkhani imene ndimafuna namwino aliyense ataidziwa. Mu February 2011, mwana wa zaka 6, Jack Adcock, anamwalira pa chipatala cha Leicester Royal Infirmary, matenda atafalikira m'magazi. Tsiku limenelo ogwira ntchito anali operewera, ndipo makompyuta otulutsa zotsatira za magazi anavuta. Mu 2015 khoti linapeza olakwa anthu awiri pa mlandu wopha munthu chifukwa cha kunyalanyaza kwakukulu: dokotala Hadiza Bawa-Garba, amene anali asanafike pa ukatswiri, ndi namwino Isabel Amaro. Onse anagamulidwa zaka ziwiri, koma osakalowa m'ndende. Dokotala wamkulu amene ankayang'anira tsikulo sanazengedwe mlandu.

Mpaka apa awiriwo anali pamzere umodzi. Mu 2016 khonsolo ya anamwino inamufufuta Amaro m'kaundula, ndipo phokoso silinamveke. Mu January 2018 Bawa-Garba naye atafufutidwa, madokotala anadzuka dziko lonse, anasonkha ndalama zoposa mapaundi 300,000 zolipirira maloya, nduna ya zaumoyo inalamula kuti malamulo aunikidwenso, ndipo mu August chaka chomwecho khoti la apilo linamubwezera m'kaundula. Anabwerera ku udokotala. Ine ndimaona kuti madokotala anachita bwino, chifukwa kusenzetsa munthu mmodzi zolakwa za chipatala chonse n'kupanda chilungamo. Chimene chimandiwawa n'chakuti chifukwa chomwecho chimamukhudzanso namwino uja, amene anali mu wodi yomweyo tsiku lomwelo, koma iye sanapeze omuimira ngati mmene anawapezera dokotala uja.

Kuno kwathu malamulo alipo. Kumenya munthu ndi mlandu wa kupolisi, kaya womenyayo wavala gauni loyera kaya ayi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa kugwiragwira ndi kuvutitsa munthu pa zachiwerewere, ndipo chilango chake chimafika zaka 5 m'ndende. Medical Council of Malawi ili ndi mphamvu zolanga dokotala, monga mmene Nurses and Midwives Council of Malawi imalangira ife, ndipo bungwe la anamwino ndi azamba la NONM lilipo kuti liziimira mamembala ake. Mabungwe onsewa sangagwire mlandu umene sunalembedwe, ndiye kale lonse ndimauza anamwino achichepere kuti cholembera chisamachoke m'thumba. Waimba foni, lemba mu fayilo nthawi yake, amene wamuimbira ndi zimene wayankha. Wakulamula mankhwala pakamwa, bwereza mokweza mnzako akumva, ndipo dokotala akafika asayinire. Wakuponyera chida kapena wakumenya, lemba lipoti tsiku lomwelo, utchule mboni, usunge kope lako kunyumba.

Nanunso odikirira odwala, mukamva dokotala akutukwana namwino pa bedi la m'bale wanu, mwasanduka mboni. Zipatala zambiri za boma tsopano zili ndi ofesi yolandira madandaulo, ndipo mawu a munthu wakunja, amene sangasamutsidwe kapena kumanidwa siginecha, akuluakulu amavutika kuwakwirira.