Mapira ndi mchewere zinasanduka liti chakudya cha njala kuno ku chigwa?

Mwana wa mchemwali wanga atabwera ku holide kuchokera ku Blantyre tinamuphikira nsima ya mapira, iye kungoiona kufiira kwake nkufunsa kuti malume kodi kuno kwagwa njala? Zinandiwawa, koma mwanayo sindingamunene, ifenso eni ake a ku Chikwawa ndi Nsanje tafika poganiza choncho, kuti nsima ndi yoyera ya chimanga basi, zinazi nzopulumukira.

Chonsecho chimanga ndiye mlendo, chinachokera ku America kudzera mwa Apwitikizi. David Livingstone pokwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima mapira, mchewere, nyemba, maungu ndi thonje, chimanga chinalipo inde koma sichinali mfumu. Makolo anali ndi minda iwiri. Kumphala, kumtunda kouma kuja, amadzala mapira ndi mchewere mvula ikagwa, ndiye madzi a Shire akaphwa amatsikira kudimba kukadzala chimanga, mbatata ndi nyemba pa chinyontho. Kwina kukakanika kwina kumawombola. Asena atabwera ambiri kuchokera ku Zambezi, ena pothawa nkhanza za Apwitikizi, ulimi wake unali womwewu. Ndipo sanachite mwangozi, kuno mvula ndi yochepa komanso yosadalirika, Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40 ku Ngabu uko, ng'amba ikagwa pakati pa dzinja chimanga chimafota osadzukanso pomwe mapira amangopinda masamba kudikira mvula ina.

Nanga zinatembenuka pati? Sizinachitike tsiku limodzi ayi. Nthawi ya atsamunda thonje linatenga manja a anthu chifukwa msonkho umafuna ndalama. M'ma 1960 munda wa nzimbe unatsegulidwa ku Nchalo, anthu nkuyamba kudya za pamalipiro, ufa wogula. Kenaka ADMARC inabwera mu 1971 ndipo m'madepoti mwake chakudya chogula chinali chimanga, alangizi nawo nyimbo inali ya chimanga cha makono ndi feteleza. Chilala cha 1992, njala ya 2002, madzi osefukira a 2015, namondwe wa Freddy mu 2023, thandizo likabwera limakhala thumba la chimanga kapena ufa wake, makuponi a sabuside kuyambira 2005 nawonso chimodzimodzi. Mwana wokula akuona zimenezi aziti chakudya cha boma, cha anthu ozindikira, ndi chiti?

Tisanamizanenso, mapira ndi ntchito. Kuamira mbalame kokha kumafuna munthu m'munda kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, kale amachita ndi ana pa nsanja ndi zitini ndi malegeni, lero ana ali ku sukulu ndipo ndi bwino kuti ali kumeneko. Ukakolola upunthe, upete, mungu wake kuyabwa thupi lonse pa kutentha kumene kuja. Amayi anga amanena poyera kuti iwo atopa nazo, ndipo ndimawamvetsa. Pamsikanso ogula ndi ochepa kupatula ofulula mowa ndi thobwa.

Koma taonani zimene tikutaya. Ufa woyera uja timakonola, kunyika, kutsuka, kuyanika, gaga yense kupatsa nkhumba ndi nkhuku, chotsala chambiri ndi sitalichi, nchifukwa chake umadya mitanda itatu koma pofika 3 koloko njala yayambanso. Mapira ndi mchewere tikagayitsa osachotsa khungu lonse zimakhala ndi gaga wothandiza m'mimba kuti usadzimbidwe, zimagayika pang'onopang'ono ndiye munthu umakhalitsa wokhuta, ndipo shuga m'magazi sakwera mothamanga ngati ukadya woyera. Si mankhwala ayi, wodwala shuga asasiye za kuchipatala, koma nchifukwa chake mumaona anthu a m'tauni akusakasaka ufa womwewu m'mashopu pa mtengo wokwera. Mchewere uli ndi ayironi ndi zinki wochuluka kuposa chimanga, zomwe amayi oyembekezera ndi ana ochepa magazi amafunikira. Phala la mchewere lotsira nsinjiro kapena ufa wa malambe, agogo athu amalera nalo ana osadziwa mawu oti vitamini C, pomwe malambe ali naye wambiri zedi, masau nawonso ali naye.

Ndiwo zake nazo zinali pakhomo pomwepo. Makakana ndi milamba za mu Elephant Marsh ndi ku Ndindi, tinsomba ting'onoting'ono towamba todya ndi minga yomwe, umo ndi mmene muli kashiamu wolimbitsa mafupa. Sangowa uja tinali kungopangira mpanda, masamba ake nkuphika ngati ndiwo wamba, lero akumutcha moringa nkumugulitsa m'timabotolo.

Nyika yokha, mizu ija ya maluwa omera m'madzi, ndisaikometse. Iyo ndiye chakudya cha njala chenicheni, imadzaza mimba koma kuipeza kwake munthu amalowa m'madzi momwe muli ng'ona, ndipo anthu apita nayo nkhani imeneyi. Chimandipweteka nchakuti mapira tawaika gulu limodzi ndi nyika, pomwe ndi mapirawo amatiteteza kuti tisafike kokazula nyika.

Mbewu za mapira zilipo, ya makolo ngati thengalamanga komanso zocha msanga za Pilira 1 ndi Pilira 2 zimene akatswiri a zaulimi anatulutsira dera louma ngati lathu lino. Chaka chino ndagawa munda wa kumphala pakati, theka chimanga kuti amayi asadandaule, theka mapira, mbewu yake ndinakapempha kwa azakhali ku Tengani omwe amasungabe ngala zake pa denga la kukhitchini kuti utsi uziingitsa anankafumbwe. Za mbalame tagwirizana ndi oyandikana nawo munda awiri kuti tidzale sabata imodzi, tizidzasinthana pa nsanja.