Bwanji sitingoyatsa mapampu madzi akasefukira mumzinda?

Ife mainjiniya a za madzi funso lomwe timakumana nalo kwambiri mzinda ukamira ndi lakuti, "nanga mapampu aja ali kuti, osangopopa bwanji?" Ndimamvetsa ndithu, nyumba yako ili m'madzi mpaka pawindo ungafune chani china. Koma kupopa sikukhala koyambirira ayi.

Timayamba tafufuza pomwe madziwo akulowera. Ngati khoma lotchinga mtsinje kapena nyanja lagumuka, kupopa kuli ngati kutunga madzi ndi dengu, dizilo amangothera pachabe. Ku New Orleans, mzinda wa ku America, mu 2005 namondwe wa Katrina atawomba pa 29 Ogasiti, pafupifupi 80 peresenti ya mzinda inamira, ndipo a US Army Corps of Engineers, mainjiniya a gulu la asilikali a dzikolo, anathamangira kaye kotseka pomwe panagumuka, ngati pangalande za 17th Street ndi London Avenue, mahelikopita akuponya matumba akuluakulu amchenga. Mbali yaikulu ya mzindawu ndi yotsika kuposa nyanja ndiye madzi sakanatuluka okha, koma mapampu ambirinso anali atamira, magetsi kulibe, mamota ofunika kuwaumitsa kaye chifukwa ukayatsa ali onyowa amapsa. Kuchotsa madziwo kunatenga masiku 43, mpaka pa 11 Okutobala, ndipo chapakati pake namondwe wina, Rita, anabwezanso madzi kudera lina la mzindawu lotchedwa Lower Ninth Ward.

Anthu samadziwa kuti madzi amachuluka bwanji. Ongofika masentimita 10 basi, pamalo a sikweya kilomita imodzi, ndi malita 100 miliyoni! Ndiye ukuwaponya kuti? Mtsinje ukakhala udakali odzadza mageti a ngalande timawasiya otseka, kutsegula msanga madzi amabwerera chambuyo n'kutulukira m'masuweji. Chinanso chomwe chimandiwawa ndi zinyalala, mapulasitiki, matiresi, nthambi, zonsezi zimakaunjikana pasefa yapakamwa pa pampu ndipo pamafunika anthu oima pompo usiku onse kumazikoka ndi ngowe, apo bii pampu yodula ija ingolira osakoka kanthu. Ngalande yomwe sinayeretsedwe mvula isanayambe imationjezera masiku.

Kunyumba nakonso osapupuluma. Ngati muli ndi chipinda chapansi panthaka musapope madzi onse tsiku limodzi, dothi lakunja limakhala lidakali lokhuta madzi ndipo likukankha khoma, mukachotsa amkati mwaphuma khoma limang'aluka kapena kugwera mkati. Chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu patsiku. Magetsi musayatse mpaka wodziwa aone mawaya, ndipo jenereta ikhale panja kutali ndi mawindo, utsi wake uli ndi mpweya osanunkha koma umapha anthu ali mtulo.

Pomwe mufulumire ndi pamatope ndi chinyontho. Matope afosholeni akadali ofewa, akauma amalimba zedi ndipo fumbi lake ndi loipa. Chuku chimayamba pakangotha maola 24 mpaka 48, ndiye tsegulani mawindo, tulutsani zonse zonyowa, matiresi omwe amwa madzi aja ingotayani chifukwa madziwo asakanikirana ndi zam'chimbudzi, mafuta komanso mkodzo wa makoswe omwe umafalitsa matenda a leptospirosis. Valani magambuti ndi magolovesi, makamaka ngati muli ndi bala. Madzi apampopi kapena apachitsime, ngakhale akuoneka oyera, aphitseni abwate kwa mphindi yathunthu kapena thirani klorini mpaka azaumoyo atayeza n'kunena kuti ali bwino, kolera imabuka nthawi ngati imeneyi anthu akuona ngati zatha.