Posintha disiki yaikulu, yambani mwazula inzake

Makompyuta ambiri amene amafika pa tebulo langa lokonzera makompyuta kuno ku Johannesburg ndi a abale athu ojambula maukwati ndi misonkhano ya mapemphero ku Rosettenville ndi ku Mayfair, ndipo kawirikawiri amakhala ndi madisiki awiri kapena atatu. Imodzi imanyamula Windows ndi mapulogalamu, pamene enawo amasunga zithunzi ndi mavidiyo a makasitomala. Disiki yoyambayo ikayamba kugogoda kapena kuchedwa kudzuka, ndi bwino kuikapo disiki yatsopano ya mtundu wa SSD m'malo mwake, chifukwa imathamanga kwambiri ndipo mulibe chozungulira mkati mwake.

Langizo limene ndimaumirira ndi ili: musanaike Windows pa disiki yatsopano, thimitsani kompyuta, chotsani pulagi kukhoma, kenako zulani zingwe za SATA (zimene zimalumikiza disiki ku kompyuta mkati) za madisiki onse osungira ntchito. Ine ndimamata kapepala pa chingwe chilichonse n'kulembapo pamene chinali. Pulogalamu yoika Windows ikapeza madisiki angapo, nthawi zina imalemba kagawo kakang'ono koyatsira kompyuta, kotchedwa EFI, pa disiki ina osati yatsopanoyo, moti zonse zimayenda bwino mpaka tsiku limene mudzachotse disiki inayo, kompyuta n'kukana kuyaka. Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti pa sikirini madisiki amangolembedwa kuti Drive 0, Drive 1, ndipo munthu wotopa akasankha molakwika, ukwati wa eni ake umene sanaulandirebe umafufutika pomwepo.

Ngati madisikiwo ndi otsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows wotetezera mafayilo, pezeranitu kiyi yake ya manambala 48 mu akaunti yanu ya Microsoft, ndipo muilembe papepala, chifukwa Windows yatsopano idzaifuna isanakutsegulireni. Kumbukiraninso kuti zimene zili pa Desktop, mu Documents ndi mu Downloads zimakhala pa disiki yakale ija, choncho zikopereni kwina ntchito isanayambe.

Windows ikakhazikika, bwezerani madisiki aja imodziimodzi. Zilembo zake zikhoza kusintha, D kukhala E, ndipo mapulogalamu okonzera mavidiyo adzadandaula kuti mafayilo asowa; sanasowe ayi, mungobwezera chilembo chakale mu Disk Management, pulogalamu ya Windows yoyang'anira madisiki. Kompyuta ikakufunsani kuti ichite Format disiki imene muli ntchito yanu, kanani ndithu, chifukwa Format imafufuta zonse zili m'menemo. Disiki yakaleyo musaigulitse msanga. Iikeni m'kabati kwa mwezi wathunthu kufikira mutatsimikiza kuti palibe chimene chinatsalira m'menemo.