Rozi woyanga sadulidwa mu Julayi

Julayi akangofika, m'makomo a ku Kabulonga, Chelston, Makeni ndi kwina konse mu Lusaka rozi aliyense pabwalo amametedwa mofanana. Kwa marozi aafupi aja a duwa limodzi lalikulu kunsonga, nthawi yake ndi imeneyodi. Koma kwa rozi woyanga, wa nthambi zazitali zofewa ndi timaluwa tambiri pa phava limodzi, kumudulira mu Julayi n'kutaya maluwa a chaka chonse. Ndatopa nako kumva anthu akuti "anandigulitsa mbewu yosabereka".

Rozi ameneyu amachita maluwa kamodzi pachaka, ndipo maluwawo amatuluka pa nthambi zimene zinakula chaka chatha. Rozi wa Banksia, wachikasu wopanda minga uja, amene kwawo ndi ku China, amachita maluwa kuzizira kukangotha, cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Marozi otchedwa Dorothy Perkins wa 1901 ndi Albertine wa 1921 nawonso amaberekera pa nthambi zakale. Ndiye dikirani maluwa ayoyoke, mudulire pasanathe milungu iwiri. Pa nthambi zitatu zilizonse zokalamba, imodzi muidule pansi penipeni. Timphanda tomwe tinali ndi maluwa mutifupikitse, musiye maso awiri kapena atatu. Mphukira zazitali zatsopano musazidule, chifukwa maluwa a chaka chamawa ali mmenemo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi rozi wa zaka zisanu amene sanaonetsepo duwa ngakhale limodzi. Mizu ili bwino, masamba ali biriwiri, koma chaka ndi chaka wantchito wa pakhomo amauzidwa kuti "mumete onse". Mwiniwake akaona kuti maluwa kulibe amaganiza kuti ndi njala, n'kuthira urea. Urea amangokankha masamba ndi mphukira zanthete, nsabwe za m'masamba n'kudzazana kunsonga. Apa m'pamene amatulukira munthu ndi kabotolo kopanda chizindikiro, akuti ndi mankhwala obereketsa maluwa. Palibe mankhwala obwezera maluwa amene anapita ndi nthambi zodulidwa. Chonde, botolo limene silinalembedwe dzina la mankhwala ndi muyezo wake musaligule, ngakhale wogulitsayo alankhule mokoma bwanji. Mungatenthe masamba onse, ndiponso inu ndi ana anu mupuma chinthu chosadziwika. Rozi uja akanangosiyidwa Julayi mmodzi yekha, akanadzaza mpanda wonse.

Pobzala, mwezi wa Okutobala muulambalale. Dikirani mvula ikhazikike kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, apo ayi bzalani mu Meyi ndi Juni ngati madzi muli nawo. Dzenje likhale masentimita 60 m'lifupi ndi kuya komwe, ndipo litalikirane ndi mpanda wa mabuloko masentimita 45 kapena kuposapo. M'tsinde mwa mpanda dothi limakhala louma ndi lodzaza zotsalira za simenti. Khoma loyang'ana kum'mawa ndiye labwino, poti dzuwa la m'mawa limaumitsa masamba msanga. Loyang'ana kumadzulo limawotcha masana a Okutobala mpaka masamba kupsa m'mbali. Sakanizani dothi la pamwamba ndi ndowa ziwiri za manyowa a ng'ombe owolerana bwino. Zitosi za nkhuku zaziwisi ayi, zimatentha mizu. Ngati ndi rozi wolumikiza, mfundo yolumikizirayo ikhale polekezera dothi. Pakati pa rozi ndi mnzake siyani mamita atatu. Banksia yekha amatha kupitirira mamita asanu ndi limodzi.

Mbali zambiri za Lusaka pansi pake pali mwala wa laimu, ndipo madzi a m'mijigo amabwera ndi laimu yemweyo. Mukaona masamba anthete achita chikasu koma mitsempha yake idakali yobiriwira, si matenda ofuna kupopera ayi. Rozi akulephera kukoka ayironi m'dothi. Thirani feteleza wa ayironi wotchedwa iron chelate motsatira muyezo wolembedwa pa paketi, ndipo onjezani kompositi chaka chilichonse. M'chilimwe madzi akhale malita 15 mpaka 20 kawiri pa mlungu, pansi, osati pa masamba. Phimbirani ndi udzu wouma koma usagunde tsinde, chiswe chingapezerepo njira.

Kokani mawaya pakhoma motalikirana masentimita 40, ndipo nthambi muzimange chogona. Nthambi yoima chilili imachita maluwa kunsonga kokha, yogona imatulutsa timphanda pa diso lililonse. Ntchito imeneyi siichedwetsedwa: mphukira ikakhwima siipindikanso, imathyoka. Ngati pamwamba pa mpanda pali waya wamagetsi, waya womaliza wa rozi ukhale theka la mita pansi pake, ndipo nthawi ya dzinja muziyendera mlungu uliwonse, chifukwa nthambi yonyowa ikagunda wayayo alamu imalira usiku wonse.