Kuchira hepatitis C sikutanthauza kuti chiwindi chapulumuka

Ambiri amaganiza kuti wodwala impso amene amasefedwa magazi pa makina a dialysis akangomaliza mankhwala a hepatitis C, nkhani ya chiwindi yatha. Ayi ndithu, makamaka ngati m'thupimo muli kale kachilombo ka hepatitis B.

Tizilombo tiwiriti tikakumana, ka C kamakonda kupondereza ka B, moti poyeza magazi ka B kamaoneka ngati kulibe. Koma sikanafe, kangobisala m'maselo a chiwindi. Mapiritsi monga sofosbuvir akachotsa ka C, ka B kamapeza mpata n'kuyamba kuswana, kawirikawiri pakatha milungu 4 mpaka 8. Mu 2016 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linachenjeza za izi litalandira malipoti a odwala 24. Awiri anamwalira, mmodzi anachita kumuika chiwindi china.

Wa dialysis chitetezo chake n'chofooka kale, komanso ALT yake (chizindikiro cha m'magazi chomwe chimakwera chiwindi chikavulala) imakhala yotsika, choncho ikakwera pang'ono n'zosavuta kuiphonya. Pomwe maso akuchita chikasu, zinthu zafika kale patali. N'chifukwa chake dokotala, asanapereke mankhwala a hepatitis C, amayamba wayeza HBsAg ndi anti-HBc, zizindikiro za m'magazi zosonyeza ngati ka B kali m'thupi kapena kanalowamo kale. Wopezeka ndi HBsAg angapatsidwe entecavir, mankhwala a hepatitis B, pa mlingo wochepa, kuti azimwa akachoka pa makina.